William Shakespeare, Bambo wa Mapasa Amene Ankaseka Chikondi

Anzanga, ambirife tikamva dzina la William Shakespeare timangoganiza za Macbeth ndi mayeso a Literature. Komatu mkuluyu ankadziwanso kuseketsa, makamaka pa nkhani za chikondi.

Anabadwa mu April 1564 ku Stratford-upon-Avon, ku England. Bambo ake ankasoka magolovesi. Mu 1582, ali ndi zaka 18 zokha, anakwatira Anne Hathaway wa zaka 26, yemwe anali kale ndi pakati. Susanna anabadwa mu 1583, kenako mu 1585 kunabwera mapasa, Hamnet ndi Judith. Pambuyo pake Shakespeare anapita ku London kukachita zisudzo, banja n'kutsala kwawo. Mu 1596 Hamnet anamwalira ali ndi zaka 11.

Patapita zaka pafupifupi zisanu analemba Twelfth Night, sewero lanthabwala lomwe ine ndimalikonda kuposa onse. Nalonso muli mapasa, Viola ndi Sebastian. Sitima yawo itasweka panyanja, aliyense akuganiza kuti mnzake wafa. Viola akuvala zachimuna, akudzitcha Cesario, n'kuyamba ntchito kwa Orsino, wolamulira wa Illyria.

Apa ndiye chikondi chikuwazunguza mitu. Orsino akufera Olivia, koma m'malo mopita yekha akungomvetsera nyimbo n'kumatuma Cesario. Olivia analumbira kulira mlongo wake zaka zisanu ndi ziwiri, koma atangoona Cesario lumbiro lija laiwalika. Viola akukonda Orsino chamumtima, uku akumufunsirira mkazi wina. Pomaliza Sebastian akupezeka wamoyo n'kukwatira Olivia, Viola akutengana ndi Orsino.

Amene amandimvetsa chisoni ndi Malvolio, kapitawo wa panyumba pa Olivia. Wantchito mnzake, Maria, akumulembera kalata yabodza ngati yochokera kwa Olivia. Iye akukhulupirira, akuvala masokosi achikasu n'kumamwetulira zopanda pake, mpaka akumutsekera m'chipinda chamdima ati wapenga. Inde anali wodzimva, koma ena akusangalala ndi maukwati iye akuchoka atakwiya, akulonjeza kubwezera. Amene mumalembera anzanu timakalata tabodza kuti kalasi iseke, muganizireni Malvolio.

Shakespeare anamwalira pa 23 April 1616, ali ndi zaka 52, ndipo anaikidwa kwawo ku Stratford. Ine ndimaona kuti n'zokhudza mtima kuti bambo amene anaika m'manda mmodzi wa mapasa ake analemba sewero lomwe mapasa akupezananso amoyo.