Bambo Edward Sorin, mlendo mnzathu wa ku South Bend

Abale a ku Indianapolis akabwera kudzacheza, timakawaonetsa denga lagolide la Notre Dame. Koma kodi ana athu akudziwa kuti amene anayambitsa sukuluyi anali obwera ngati ife?

Bambo Edward Sorin anabadwira ku France mu 1814. Anafika kuno mu Novembala 1842, kukuzizira koopsa, pamodzi ndi mabulazala a Holy Cross. Pemphero lawo silinkathera m'tchalitchi: ankalima, kuumba njerwa ndi kuphunzitsa ana amasiye ntchito zamanja.

Mu Epulo 1879 moto unapsereza nyumba yaikulu ya sukuluyo. Bambo Sorin anali ndi zaka 65, msinkhu woti ambirife tikanangoti basi, tizibwerera kumudzi. Iwo anayambiranso kumanga, ana n'kulowanso m'kalasi chaka chomwecho. Anamwalira mu 1893, ndipo manda awo ali pasukulu pomwepo.