Dokotala Yemwe Anakana Kusiya Ana 192

Anzanga, musangowerenga mutu wokha n'kuthamangira zitumbuwa za pa buleki. Munthu amene ndikufuna mumudziwe lero ndi a Janusz Korczak. Ngati lilime lakana kutchula dzinali musadandaule, ana awo omwe ankangowaitana kuti a Dokotala basi. Anali Myuda wa ku Poland, ndipo anaphedwa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, nkhondo ija a Fomu 4 mumaloweza zaka zake. Inetu sindikubwera ndi zaka zoloweza ayi. Ndikubwera ndi nkhani ya nyumba imodzi ndi ana amene ankakhalamo.

Dzina lawo lenileni linali Henryk Goldszmit. Anabadwira mumzinda wa Warsaw pa 22 Julayi. Chaka chake mabuku ena amati 1878, ena 1879, chifukwa bambo awo anachedwa kukawalembetsa ku boma. Ndiye amene mulibe kalata yobadwira, simuli nokha. Bambowo anali loya, pakhomo panali pabwinobwino ndithu, koma kenako anadwala matenda a mutu, nagonekedwa kuchipatala mpaka kumwalira mu 1896. Chuma chonse chinathera pomwepo. Henryk, akadali mwana wasukulu ngati ife, anayamba ganyu yophunzitsa ana a anthu olemera kuti amayi ake ndi mlongo wake adye. Dzina loti Korczak analitenga m'buku lina pamene ankalowa mpikisano wa alembi mu 1898, ndipo linangomukanirira mpaka kalekale.

Anaphunzira udokotala pa yunivesite ya Warsaw, nakhala dokotala wa ana. Koma mu 1912 anasiya ntchito yapachipatala, ntchito yaulemu ndithu, n'kukayang'anira nyumba yosungira ana amasiye Achiyuda mumsewu wa Krochmalna, nambala 92. Sanali okha. Panali mayi wina, a Stefania Wilczyńska, amene ankaona za chakudya, zovala, ndalama ndi ana odwala usiku. Anthu ambiri akamakamba nkhaniyi amawadumpha mayiwa, koma popanda iwo nyumbayo sikanayenda ngakhale sabata imodzi. A Korczak sanakwatire ndipo analibe mwana wobereka okha. Ankagona m'kachipinda ka pamwamba m'nyumba yomweyo, pamodzi ndi ana pafupifupi 100.

Tsono apa ndi pamene pandisangalatsa kwambiri, ndiye mundilole ndichedwepo. M'nyumba muja munali khothi la ana. Osati sewero ayi, khothi lenileni, lokhala sabata iliyonse. Oweruza anali ana 5 osankhidwa mwa maere pakati pa amene sabata imeneyo analibe mlandu. Wina akakutukwana, akakubera pensulo, kapena akathawa ntchito yosesa, sumabwezera ndi chibakera. Umangopita pa bolodi n'kulemba dzina lako, dzina lake ndi chimene wakuchita. Malamulo ake anali olembedwa ndi manambala, ndipo chigawo chonse choyamba, mpaka nambala 99, chinali cha njira zosiyanasiyana zokhululukira munthu. Nambala 1000 ndiyo inali yochotsa munthu panyumbapo, koma sinkagwiritsidwa ntchito chisawawa.

Chodabwitsa n'chakuti mwana ankatha kusumira munthu wamkulu, ngakhale a Dokotala amene. Ndipo a Korczak anaimadi pamaso pa tiana timeneti kangapo, nthawi zina atadzisumira okha. Mlandu wina unali wakuti anamenya mnyamata pakhutu atapsa mtima, wina unali wakuti anaganizira mtsikana zakuba. Tangoganizani, bambo wadazi, wandevu, wovala magalasi, dokotala wodziwika m'dziko lonse, akudikira kuti mwana wa zaka 10 amuweruze. Ine ndikuona kuti nkhani yonse ya moyo wawo yagona pamenepa. Iwo sankakhulupirira kuti pali lamulo lina la akulu ndi lina la ana. Mukumbukire zimenezi, tizipezanso kutsogoloku.

Analinso munthu wanthabwala. Mwana akagweka dzino, iwo ankaligula ndi ndalama. Mwana wokonda ndewu ankapangana naye kuti ngati sabata ino wamenyana ka 10, sabata yamawa ayese kumenyana ka 7, ndipo akakwanitsa ankalandira maswiti. Sabata iliyonse ankayeza ana onse pa sikelo n'kulemba m'buku. Analemba mabuku ambiri, lotchuka kwambiri ndi la mfumu yaing'ono dzina lake Matt, mwana amene analamulira dziko. Ankayankhulanso pa wayilesi, anthu n'kumawadziwa kuti Dokotala Wokalamba. Mu 1926 anayambitsa nyuzipepala yotchedwa Mały Przegląd, yolembedwa ndi ana, imene inkatuluka sabata iliyonse. Ife amene timamata mapepala athu pa bolodi pano, amenewo ndiwo akuluakulu athu pa ntchitoyi. Kope lake lomaliza linatuluka pa 1 Seputembala 1939.

Tsiku lomwelo ndi limene asilikali a Germany, molamulidwa ndi Adolf Hitler, analowa m'dziko la Poland. Chipani cha Nazi chinkaphunzitsa kuti Ayuda si anthu ngati ena, kuti ndiwo gwero la mavuto onse. Anawalanda mashopu, anatseka masukulu awo, nawalamula kuvala kansalu kokhala ndi nyenyezi pamkono kuti azidziwika patali. A Korczak anakana kuvala kansaluko. Ankayenda atavala yunifolomu yawo yakale ya usilikali wa Poland.

Mu Novembala 1940 Ayuda onse a ku Warsaw anatsekeredwa m'dera lotchedwa ghetto. Iyi si geto ija amaimba anyamata a m'tauni. Linali dera lozunguliridwa ndi khoma la njerwa lotalika mamita 3, ndipo m'kati mwake anapanikizamo anthu oposa 400,000 pa malo osafika masikweya kilomita 4. Wotuluka popanda chilolezo ankaphedwa. Chakudya chimene boma linkalola kulowa chinali chochepa dala, moti anthu ankafa ndi njala m'misewu, ena ndi matenda a typhus ofalitsidwa ndi nsabwe. Nyumba ya ana ija nayo inalamulidwa kusamukira m'katimo. Pa tsiku losamuka, asilikali analanda ngolo ya mbatatesi ya anawo. A Korczak, mmalo mongokhala chete monga akanachitira aliyense, anapita ku ofesi ya Ajeremani kukaitanitsa mbatatesiyo. Kumeneko anawamenya n'kuwatsekera m'ndende ya Pawiak, mpaka anthu ena anasonkha ndalama zowatulutsira. Anatuluka atafooka zedi.

Kuyambira pamenepo ntchito yawo inali yopemphetsa. M'mawa uliwonse ankanyamula thumba n'kuyenda khomo ndi khomo kwa amene anali ndi kanthu, kupempha, kukakamiza, ngakhale kukalipa. Ena ankadana nawo chifukwa sankachoka pakhomo asanapatsidwe. Ana anachuluka kufika pafupifupi 200. Sikelo ija ankayezabe, koma tsopano manambala ankangotsika. Komabe maphunziro sanaime, khothi silinatsekedwe, ntchito zapakhomo ankagawana monga kale. Kunja kwa chitseko munthu ankawomberedwa popanda mlandu, m'kati mwana wobera mnzake buledi ankamvedwa kaye mbali yake.

Mwayi wothawa unalipo. Anzawo a Chipolishi amene sanali Ayuda anayesetsa. Igor Newerly, yemwe kale anali mlembi wawo, analowa mu ghetto kukawauza kuti angawapezere mapepala abodza ndi malo obisala. Maryna Falska, mayi amene ankayendetsa nyumba ina ya ana amasiye kunja kwa khoma, anali wokonzeka kuwasunga, ndipo iye anabisadi ana angapo Achiyuda pakati pa ana ake. Musaone ngati zinali zophweka. Ku Poland nthawi imeneyo, wopezeka akubisa Myuda ankaphedwa, nthawi zambiri ndi banja lake lomwe. Koma malo obisala anali a munthu mmodzi, osati 200. A Korczak anakana.

Pa 18 Julayi 1942 anawo anachita sewero la mlembi wa ku India, Rabindranath Tagore, lonena za mnyamata wodwala amene saloledwa kutuluka m'chipinda, amangoonera dziko pawindo mpaka kumwalira. Ana amene ankaonera sewerolo nawonso anali otsekeredwa ndi odwala, ndiye simufunika kuuzidwa chifukwa chake sewero limeneli linasankhidwa. Patangopita masiku 4, pa 22 Julayi, tsiku lokumbukira kubadwa kwa a Dokotala, Ajeremani anayamba kutulutsa anthu mu ghetto masauzande tsiku lililonse. Ankanama kuti akuwapititsa kukagwira ntchito kum'mawa. Zoona zake sitima zinkapita ku Treblinka, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, kumene kunalibe ntchito koma zipinda zopheramo anthu ndi utsi wapoizoni.

Usiku a Korczak ankalemba zochitika m'kabuku kawo. M'masamba omaliza analembamo zoti ankathirira maluwa pawindo, msilikali wa mfuti akuwayang'ana kuchokera panja, iwo n'kumadzifunsa ngati msilikaliyo kwawo sanali mphunzitsi wa kumudzi. Kabukuka kanatulutsidwa mu ghetto mobisa, Newerly n'kuthandiza kukasunga, n'chifukwa chake lero tikudziwa zimenezi.

Kumayambiriro kwa Ogasiti 1942 asilikali anafika m'mawa n'kulamula kuti aliyense atuluke. Anawerenga ana 192 ndi akuluakulu pafupifupi 10. Amene anaona ulendowu ndipo anapulumuka nkhondo anafotokoza kuti anawo anayenda pa mizere, mwadongosolo, a Korczak ali patsogolo atagwira ana m'manja, a Stefania akutsogolera gulu lina pambuyo. Kunkatentha, ndipo ulendo unali wautali kwa ana anjala. Anafika pamalo okwerera sitima otchedwa Umschlagplatz, nakwezedwa m'mabogi onyamulira ng'ombe. Palibe mmodzi mwa iwo amene anabwerako.

Ndikudziwa wina afunsa kuti, nanga munthuyu anapulumutsa ndani? Funso limeneli landivuta nanenso. Mumzinda womwewo munali mayi wina, Irena Sendler, amene ndi anzake ankazembetsa ana mu ghetto n'kuwabisa m'mabanja ndi kwa masisitere, ndipo ambiri mwa anawo anakula mpaka kukhala agogo. Ena amati a Korczak akanabalalitsa ana awo msanga, mwina 10 kapena 20 akanakhala moyo. Mwinadi. Koma mungasankhe bwanji 20 pa 192, otsalawo mukuwayang'ana m'maso? Ndipo mwana wamasiye wopanda wachibale kunja, wopanda ndalama, akanagogoda pakhomo la ndani? Chimene ine ndikuona n'chakuti munthu amene kwa zaka 30 anauza ana kuti lamulo la m'nyumba muno ndi limodzi kwa wamkulu ndi wamng'ono sakanatha kutulukira chitseko chakumbuyo pa tsiku loipitsitsa. Akanatero, khothi lija likanakhala bodza kuyambira pachiyambi. Sanathe kuletsa sitima, koma mwana wa zaka 7 m'bogi lamdima lija anali ndi dzanja lolidziwa loti agwire. Kaya inu mukuti n'zochepa, tikambirane pa buleki.

Pa nkhondo yonseyi a Nazi anapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni, ndipo pafupifupi 1.5 miliyoni mwa iwo anali ana. Anaphanso anthu a mtundu wa Roma, olumala ndi ena ambiri amene ankawaona ngati osafunika. Mu 1978 dziko la Poland linapempha bungwe la United Nations kuti pakhale pangano la ufulu wa ana, zinthu zimene a Korczak ankalemba kale zaka zambiri nkhondo isanayambe. Panganolo linavomerezedwa mu 1989, ndipo Malawi analowamo mu 1991.

Ku Treblinka lero kulibe nyumba za nthawi imeneyo, chifukwa a Nazi anagumula zonse pofuna kubisa umboni. Kumeneko anapherako anthu oposa 800,000. Pamalopo anaimikapo miyala 17,000, ina yolembedwa mayina a mizinda ndi midzi kumene anthuwo ankachokera. Mwala umodzi wokha ndiwo uli ndi dzina la munthu. Analembapo mayina onse awiri, Janusz Korczak ndi Henryk Goldszmit, ndipo m'munsi mwake anawonjezera mawu otchula anawo.