Chauncy Maples, Bishopu Womira m'Nyanja

Chauncy Maples anabadwa ku Mangalande m'caka ca 1852. Ataphunzira pa sukulu yaikuru ya ku Oxford, anamuka ku Zanzibar m'caka ca 1876 kukagwira nchito ya Mishoni ya U.M.C.A. Pambuyo pace anakhala ku Masasi, mudzi wa akapolo oomboledwa, ndipo m'caka ca 1886 anadza ku cilumba ca Likoma pa nyanja ya Nyasa, imene lero ichedwa nyanja ya Malawi.

Masiku amenewo kunalibe miseu ya galimoto, ndipo njira yaikuru inali nyanja. Cifukwa cace Maples ndi bwenzi lace William Percival Johnson anayendayenda pamadzi, naphunzitsa anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja.

M'caka ca 1895 anabwerera kwao, ndipo pa 29 June anamuika akhale Bishopu wa Likoma m'nyumba ya Mulungu ya St Paul's ku London. Sanacedwe kumeneko, pakuti mtima wace unali pa anthu ace. Atafika ku tsinde la nyanja, analowa m'ngalawa yacitsulo ya matanga, dzina lace Sherriff, pamodzi ndi mnzace Joseph Williams ndi amalinyero a dziko lomwelino.

Ngalawa ya matanga iyenda ndi mphamvu ya mphepo. Koma mphepo ikakula, ndiyo yomwe iigubuduza. Pa 2 September, usiku, namondwe anauka, mafunde nakula, ngalawa nigubuduzika kufupi ndi dera la Salima. Williams anamira nayo. Amalinyero anasambira nafika kumtunda amoyo. Koma mkanjo wa Bishopu unalemera ndi madzi, ndipo iye anamira. Anali wa zaka 43, ndipo anali atakhala Bishopu miyezi iwiri yokha. Mtembo wace unapezeka patapita masiku, nauika ku Nkhotakota.

Abwenzi ace ku Mangalande anasonkha ndalama, namangitsa sitima ya moto ku Glasgow. Inadza m'zidutswazidutswa, amtengatenga nazisenza pamutu, ndipo m'caka ca 1901 inayandama pa nyanja, nichedwa Chauncy Maples. Zaka zambiri inanyamula aphunzitsi, ana a sukulu ndi mankhwala.

Nyanja siopa ulemu wa munthu. Imiza mkuru monga imiza mwana. Koma nchito imene Maples anaifera sinamire naye.