Leonard Kamungu, Wansembe wa ku Msoro

Makolo athu sanasunge mbiri ya mbumba m'mabuku. Anaisunga pakamwa pa agogo ndi atsibweni, ndipo nkhalamba ikamwalira, maina ambiri analowa nayo m'manda. Cifukwa cace wofuna kulondola mapazi a kholo lace ayenera kufunsa akulu, ndiponso kutsegula mabuku a Mpingo, momwe mulembedwa ubatizo, maukwati ndi maliro. Moyo wa a Leonard Kamungu tiupeza motero.

Anabadwa ca m'ma 1877 ku Chia, m'mbali mwa nyanja, kumwera kwa Kota Kota, m'dziko lochedwa Malawi tsopano. Caka cimeneci ncoyerekeza, pakuti pamudzi panalibe mlembi. Masiku amenewo Jumbe anali kuolotsa akapolo panyanja, kunka nao kugombe la nyanja yamcere. Mnyamatayu nayenso anafika ku Zanzibar, koma ali mfulu, kukaphunzira pa sukulu ya Kiungani, imene amishoni a U.M.C.A. anatsegulira ana oomboledwa mu ukapolo. Kuyambira apo mabuku alankhula momveka: udikoni mu 1902, unsembe mu 1909. Iwo ndiwo Mcewa woyamba kulandira unsembe mu Mpingo wa Anglican.

Mu 1910 Bishopu Hine, amene kale anali ku Likoma, anapatsidwa Northern Rhodesia, dziko lalikuru la anchito owerengeka. A Kamungu anavomera kusiya nyanja ndi abale ao, ndipo mu 1911 anakhazikika pa Msoro, pakati pa Akunda, m'cigwa cotentha ca kashembe. Amene munatsikirako mvula isanagwe mudziwa kuti si dziko loti munthu wa kunyanja nkulikhumba. Komweko anayenda pansi mudzi ndi mudzi, naphunzitsa ana, nakonzera akulu ubatizo. Nchitoyi anaigwira zaka ziwiri zokha. Anamwalira pa 27 February 1913, ndipo ambiri akhulupirira kuti wina anawathira mankhwala m'cakudya.

Ena ayesa zaka ziwiri zocepa, ife sititero. Mabanja akale a Mpingo wa ku Msoro akalondola Cikristu cao cambuyo, kwa amai, kwa agogo, kwa amai a agogowo, afika pa zaka zomwezo, pamene kholo lao linayamba kumva Mau kwa mlendo wa ku Chia. Koma inu ofunafuna, cenjerani ndi cinthu cimodzi: wobatizidwa analandira dzina latsopano, ndipo kawirikawiri buku lisunga ilo, pamene mudzi usunga lakale. Funsani agogo maina onse awiri, pamodzi ndi mfunda ndi mudzi wa amai, akali moyo. Mukapanda kutero mudzapitirira kholo lanu m'buku osalizindikira.

Mpingo wa Anglican ukumbukira a Kamungu pa 27 February, ndipo sukulu ya ansembe ya ku Zomba ichedwa ndi dzina lao.