Alfred Hitchcock ndi Mwendo wa Nkhosa

Chimene chinandichititsa kulemba za Alfred Hitchcock ndi kasewero kamodzi ka pa wailesi yakanema, kosakwana theka la ola, kamene ndinaonera katatu usiku umodzi. Koma ndiyambe ndi mwini wakeyo.

Hitchcock anabadwa pa 13 Ogasiti 1899 ku Leytonstone, kum'mawa kwa London. Bambo ake ankagulitsa ndiwo zamasamba ndi zipatso. Iye ankakonda kusimba kuti ali mwana bambo akewo anamutuma kupolisi ndi kakalata, ndipo wapolisi atawerenga anamutsekera m'chitokosi kwa mphindi zochepa. Mantha a munthu wosalakwa pamaso pa apolisi amapezeka m'mafilimu ake ambiri.

Analowa ntchito ya mafilimu pa nthawi imene kanema anali wopanda mawu. Ankajambula timakadi ta mawu toonetsedwa pakati pa zithunzi. Ali ku Germany mu 1924 anaonerera F. W. Murnau akujambula Der letzte Mann, filimu yosimba nkhani yonse pafupifupi popanda mawu olembedwa. Phunziroli linaonekera mu The Lodger ya mu 1927. Banja lili m'chipinda chapansi, likumva mlendo wokayikitsa akuyendayenda pamwamba. Poti woonera sakanamva mgugu, Hitchcock anaika denga lagalasi kuti mapaziwo aoneke ndi maso. Mu 1926 anakwatira Alma Reville, katswiri wolumikiza zithunzi za filimu, ndipo mu 1939 anasamukira ku America.

Kasewero kandigwira mtima kaja ndi Lamb to the Slaughter, ka mu 1958, kochokera pa nkhani ya Roald Dahl, m'pulogalamu ya Alfred Hitchcock Presents. Mary Maloney ndi mayi woyembekezera. Mwamuna wake, yemwe ndi wapolisi, akumuuza kuti akumusiya. Ife tinazolowera kuti pa siteji mkazi wotere azigubuduka ndi kulira mokweza. Barbara Bel Geddes sakutero. Nkhope yake ikungoti zii, ngati sanamve, ndipo akupita kukatenga mwendo wa nkhosa wouma gwa m'firiji. Akummenya nawo mwamunayo kunkhongo kamodzi kokha, kenaka akuuika mu uvuni n'kupita kugolosale.

Apa mpamene ndinaona luso. Woonera akudziwa wakupha, akudziwanso chida, choncho funso si lakuti walakwa ndani. Apolisi akusakasaka chitsulo kapena chibonga, ife maso ali pa chitseko cha uvuni. Mary akuwachonderera kuti adye, poti atopa ndipo nyama ingowonongeka. Iwo akudya umboni wonse. Kamera ikusendera pang'onopang'ono kwa Mary ali yekha pampando, ndipo akuyamba kuseka. Kusekako kumaopsa chifukwa nthawi yonseyi wakhala akudzigwira. Monga wophunzira chiyankhulo, zinandipweteka pang'ono kuona kuti mawu ambiri m'seweroli ndi onama, pamene zoona zili m'manja ndi m'maso.

Munthuyu sanali woyera mtima. Tippi Hedren, amene anasewera mu The Birds ndi Marnie, anadzaulula kuti Hitchcock ankamuzunza ndi kumuumiriza zachikondi. Anapikisana nawo kasanu pa mphotho ya Oscar ya wotsogolera filimu koma sanapambaneko. Filimu yake yomaliza, Family Plot, inatuluka mu 1976. Anamwalira ku Los Angeles pa 29 Epulo 1980 ali ndi zaka 80.