Harry Johnston ndi Chiyambi cha Tawuni ya Mangochi

Tawuni ya Mangochi ili m'mbali mwa mtsinje wa Shire, pakati pa nyanja ya Malawi ndi nyanja ya Malombe. Kale tawuniyi inkatchedwa Fort Johnston, dzina lochokera kwa Harry Johnston, Mngerezi amene adakhazikitsa boma la atsamunda m'dziko muno. Chimangirizo chino chifotokoza moyo wa mkuluyu ndi chimene chidamuchititsa kumanga linga pamalo amenewa.

Johnston adabadwira ku London m'chaka cha 1858. Ali mnyamata adaphunzira luso lojambula zithunzi, ndipo ankakondanso zinenero ndi zachilengedwe. Atayendera madera a ku Congo ndi phiri la Kilimanjaro, adatumizidwa ku Mozambique m'chaka cha 1889 ngati kazembe wa Britain. Chaka chomwecho adakwera mtsinje wa Shire mpaka kunyanja, akuchita mapangano ndi mafumu, kuphatikizapo Jumbe wa ku Nkhotakota. Mu 1891 adasankhidwa kukhala Komishonala woyamba wa dziko lino, ndipo likulu lake lidali ku Zomba.

Pamaulendo akewo Johnston adaona kuti pamene Shire amatulukira m'nyanja padali ngati chipata. Sitima iliyonse yochoka kumwera kupita kunyanja inkayenera kudutsa pomwepo. Nawonso amalonda a minyanga ndi akapolo ankaolokera pamenepa popita kugombe la nyanja ya mchere. Mwini dera adali Mfumu Mponda ya Ayao, imene idalemera ndi malonda amenewa. Choncho mu 1891 Johnston adapita kumeneko ndi asilikali achisikhi ochokera ku India, nagonjetsa Mponda, namanga linga kutsidya la kum'mawa, moyang'anizana ndi mudzi wa mfumuyo. Patapita zaka zochepa boma lidasamukira kutsidya la kumadzulo, kumene kuli tawuni lero.

Nkhondo sidathere pomwepo. Mu Disembala 1891 ankhondo a Mfumu Makanjira adapha Captain Maguire, mkulu wa asilikali a Johnston, ndipo kulimbana kudapitirira mpaka 1895. Chaka chimenecho Mlozi adagwidwa nanyongedwa ku Karonga, ndipo malonda a akapolo a panyanja adazilala.

Komabe mbiri ya Johnston ili ndi mbali ina yowawa. Iye ndiye adayambitsa msonkho umene udakakamiza anthu ambiri kukagwira ntchito m'minda ya azungu. Adaperekanso zikalata zotsimikizira azungu umwini wa malo aakulu m'mapiri a Shire, ndipo vuto la kusowa kwa malo m'maboma a Thyolo ndi Mulanje lidayambira pamenepo.

Johnston adachoka m'dziko muno mu 1896, ndipo pambuyo pake adakagwira ntchito ku Tunis ndi ku Uganda. Ophunzira zinenero amamudziwa kaamba ka buku lake loyerekeza zinenero za Chibantu, limene lidatuluka m'magawo awiri mu 1919 ndi 1922. Adamwalira ku England mu 1927.

Dziko litalandira ufulu, dzina la Fort Johnston lidachotsedwa. Tawuniyo idakalipobe pa chipata chomwe chija cha Shire, ndipo wofuna kumvetsa chiyambi chake ayenera kudziwa zonse ziwiri: ukapolo umene Johnston adathetsa, ndi msonkho ndi kulandidwa kwa malo zimene adabweretsa.