Mayi Gertrude ndi Mpanda wa Miyala

Kum'mwera kwa mtsinje wa Zambezi kuli dziko la Zimbabwe. Kumeneko kuli mpanda waukulu wa miyala wochedwa Great Zimbabwe. Miyala yake inasanjidwa popanda matope. Pena mpandawo ndi wautali mamita 11 kupita m'mwamba.

Kodi anaumanga ndani? Nanga anaumangira ciyani? Anthu anakangana zaka zambiri.

M'caka ca 1871, mzungu wina dzina lake Karl Mauch anafika pamalopo. Iye anaganiza kuti inali nyumba ya mfumukazi ya ku Sheba. Azungu ena anati anamanga ndi alendo odzafuna golide. Iwo sanafune kuvomera kuti anthu akuda angamange cinthu cotere.

Mayi Gertrude Caton-Thompson anabadwira ku London m'caka ca 1888. Atakula anaphunzira nchito yofukula zinthu zakale. Poyamba anagwira nchitoyi ku Egypt.

M'caka ca 1929 anatumidwa ku Great Zimbabwe. Anapita ndi akazi anzawo awiri. Anthu a kumeneko anawathandiza kukumba. Anakumba pang'onopang'ono mpaka pansi penipeni. Zinthu zapansi ndizo zakale kwambiri. Zapamwamba ndi zamtsogolo mwake.

M'dothimo anapezamo mapale, zitsulo ndi mikanda. Mapalewo anali a miphika ya anthu a mu Africa. Mikanda ina inabwera ndi amalonda kucokera kunyanja.

Caka comweco kunali msonkhano ku Johannesburg. Mayi Gertrude anaima pamaso pa anthu ophunzira. Anawauza kuti mpandawo anamanga ndi anthu akuda, eni dziko. Ambiri anakwiya, koma mayiwa sanasinthe mau awo. M'caka ca 1931 analemba buku la zimene anapeza. Anamwalira m'caka ca 1985 ali ndi zaka 97.

Lero tikudziwa kuti anamanga ndi makolo a Ashona, pakati pa zaka za 1100 ndi 1450. Koma za nchito ya mpandawo, akatswiri sanagwirizanebe. Ena amati munkakhala mfumu. Ena amati munkakhala akazi a mfumu. Enanso amati munkacitika cinamwali.

Kwathu kuno ku Tete kulinso mpanda wa miyala wakale. Uli ku Songo, pafupi ndi Cahora Bassa. Mukapeza mapale kapena miyala yosanjidwa kuphiri, musaphwanye. Itanani akuluakulu adzaone.

Mafunso

1. Kodi Mayi Gertrude anabadwa caka canji?
2. Anapeza ciyani m'dothi?
3. Ndani anamanga mpanda wa Great Zimbabwe?
4. Funsani agogo anu malo akale amene ali pafupi ndi mudzi wanu kuno ku Chifunde.